Mayi wa sikelo wa ku Leningrad

Aphunzitsi athu atalengeza kuti teremu imeneyo tiwerenga buku la nkhani ya nkhondo, anyamata okhala kumbuyo kwa kalasi anaomba m'manja. Iwo ankayembekezera mfuti, ndege zoponya mabomba ndi msilikali wolimba mtima wopulumutsa anzake. Zimene tinapeza m'bukumo ndi mzere wa anthu oima pa chipale chofewa kuyambira mbandakucha, aliyense atafumbata kakhadi, kudikira kuti mayi wina awadulire buledi. Nkhondo inalimo ndithu, mizinga inkamveka pafupifupi m'mutu uliwonse, koma mlembi anaisiya chapatali. Ife owerenga anatiimika kuseri kwa kauntala ya sitolo ya buledi mumzinda wa Leningrad, m'nyengo yozizira ya 1941 kulowa 1942, ndipo sanatilole kuchokapo.

Mbiri yake ndi iyi. Pa 22 Juni 1941 asilikali a Germany analowa m'dziko la Soviet Union. Pofika pa 8 Seputembala anali atalanda tauni ya Shlisselburg, ndipo njira yomaliza ya pamtunda yolowera mu Leningrad inadulidwa. Kumwera kunali asilikali a Germany, kumpoto a Finland, kumadzulo nyanja, kummawa nyanja ina yotchedwa Ladoga. Anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anatsekeredwa mkati, ana okha pafupifupi 400,000. Tsiku lomwelo mabomba anatentha nkhokwe za Badayev momwe munali ufa ndi shuga. Hitler sanafune kutaya asilikali ake pomenyana khomo ndi khomo mumzinda waukulu choncho, ndiye anasankha kuuzinga kuti njala igwire ntchitoyo. Kuzingako kunatha pa 27 Januwale 1944, patapita masiku 872. Lero mzindawu umatchedwa St Petersburg, dzina lake lakale limene unabwezeredwa mu 1991.

Masamba oyambirira anandivuta. Munthu mmodzi amatha kuitanidwa ndi mayina atatu malinga ndi amene akumuitana, moti ndinachita kulemba kumapeto kwa kope kuti uyu ndi yemwe uja. Mtengambali wamkulu tinangomupatsa dzina lathu m'kalasi: mayi wa sikelo. Chinanso chinali kuzizira. Kuwerenga kuti kunja kwafika madigiri 30 kunsi kwa ziro sikunandiuze kanthu, chifukwa thupi langa silidziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Mlembi ayenera kuti ankadziwa zimenezi, pakuti nambala sanaibwerezenso. M'malo mwake anandionetsa masitepe a nyumba ya nsanjika atakutidwa ndi madzi oundana, chifukwa mipope inali itaphulika ndipo anthu ankatunga madzi pa zibowo zoboola pa mtsinje wa Neva. Wofooka aliyense ankatayako pang'ono pokwera, madziwo n'kuuma pomwepo, wotsatira n'kuterereka. Anandionetsa banja likukambirana mpando woti uyambe kupita pamoto, kenako mabuku. Anandimvetsa wailesi imene, pakasowa wolankhula, inkangogunda tiki, tiki, tiki usiku wonse, ndipo kugundako kukafulumira anthu ankadziwa kuti ndege zikubwera. Pamenepo ndinayamba kuzizidwa nawo.

Pa 20 Novembala 1941 mlingo wa buledi unatsitsidwa kufika pansi penipeni: magalamu 250 pa tsiku kwa ogwira ntchito za manja m'mafakitale, magalamu 125 kwa ena onse, ana ndi okalamba omwe. Ndi kachidutswa kosadzaza chikhatho. Ndipo sunali buledi weniweni. Ufa unali wochepa, choncho ankasakanizamo gaga, zotsalira pofinya mafuta a njere za thonje, ngakhale zinthu zochokera ku matabwa, moti unkatuluka wakuda, wonyowa, wolemera koma wosakhutitsa. Ntchito ya mayi uja inali kudula kachigawo ka khadi ndi sizasi, kudula buledi ndi mpeni, kuika pa sikelo. Ukachepa, ankawonjezera kanyenyeswa pamwamba kuti mlingo ukwane. Pali mutu wathunthu m'bukumo umene sukamba china koma maso a anthu a pamzere: onse ndwii pa sikelo, palibe woyang'ana nkhope ya mayiyo. Mutu umenewo anzanga ambiri anaudumpha, amvekere palibe chikuchitika. Ine ndi umene ndinaubwereza kwambiri.

Kunyumba mayiyu anali ndi kamwana kakakazi ndi apongozi ake okalamba. Mwamuna wake anali kunkhondo, makalata atasiya kubwera. Mwana atayamba kutupa miyendo, mayi anayamba kukhudza sikelo ndi kachala, pang'ono chabe, magalamu awiri apa, atatu apo. Madzulo zotsalazo ankazibisa mumpendero wa chovala. Mlembi sanaimbe ng'oma pamenepa. Tsiku loyamba kuba analilemba m'mizere iwiri yokha, pakati pa nkhani ya mpeni wobuntha ndi ya nyali yopanda mafuta, moti wowerenga mothamanga akhoza osaona n'komwe. Pamzerewo panali nkhalamba ina yovala magalasi omanga ndi ulusi, imene inkabwera tsiku ndi tsiku. Inaona chalacho. Inayang'ana mayiyo kumaso, munthu woyamba kutero, n'kutenga buledi wake, osanena kanthu. Inapitiriza kubwera kwa masabata angapo, kenako sinabwerenso, ndipo buku silinena kuti inathera kuti.

Usiku umene ndinafika pa tsamba limenelo ndinali nditadya, mimba ili tololo, ndipo ndinakwiya osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Ndinkafuna mlembi andiuze kuti nkhalambayo inasamutsidwa kudzera panyanja, kapena inaphedwa ndi bomba, chilichonse chochotsa mlandu pa magalamu atatu aja. Kapena akanangonena poyera kuti mayiyo ndiye anaipha, ndimude, nkhani ithe. Sanandipatse chilichonse mwa ziwirizi. Kuwerenga za njala uli wokhuta kumabweretsa manyazi amtundu wake, ndipo ndikukhulupirira kuti manyazi amenewo ndi gawo la ntchito ya buku ngati ili. Amakuletsa kuthamangira kulankhula.

Koma kusukulu timayenera kulankhula, ndipo msanga. Madamu anajambula pa bolodi mizere iwiri, makhalidwe abwino kumanzere, makhalidwe oipa kumanja, n'kutiuza kuti tidzaze, khalidwe lililonse ndi umboni wake wochokera m'buku. Sindikuwaimba mlandu, ndi mmene mafunso a mayeso amabwerera, ndipo mphunzitsi wosakonzekeretsa ana ake mayeso ndiye kuti sawakonda. Kumanzere tinalemba kuti ndi wachikondi, wolimbikira, wopirira. Kumanja tinalemba kuti ndi wakuba, wachinyengo, wodzikonda. Mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi anaima n'kunena kuti mzere wakumanja ukufafaniza wakumanzere wonse, chifukwa aliyense pamzere uja anali ndi mwana wake kunyumba, ndipo mayiyu analibe ufulu wosankha kuti wake ndiye akhale ndi moyo. Ananena mwaukali, mawu akunjenjemera. Palibe anatha kumutsutsa, pakuti ankanena zoona.

Kenako mnyamata wina wosakonda kulankhula anakweza dzanja. "Madamu, nanga amene anatseka misewu aja tiwalemba mzere uti?"

M'kalasi munangoti zii. Madamu anaika choko pansi n'kunena kuti anthu amenewo si atengambali a m'buku, choncho pa mayeso sadzafunsidwa, koma funsolo ndi lalikulu kuposa onse amene ali pa bolodi. Phunziro la mawa lake anabwera ndi zimene anafufuza, ndipo sindidzaziiwala. Mkulu wa asilikali a Germany amene anazinga mzindawu poyamba, Wilhelm von Leeb, anazengedwa mlandu mumzinda wa Nuremberg ku Germany mu 1948. Anapezeka wolakwa pa nkhani zina n'kupatsidwa zaka zitatu zokha, koma pa nkhani yopha mzinda ndi njala sanalangidwe, chifukwa oweruza anati malamulo a nkhondo a nthawi imeneyo ankalola kuzinga mzinda ndi kuudulira chakudya. Zinatenga mpaka 1977 kuti mayiko awonjezere pa mapangano a ku Geneva, okhudza malamulo a nkhondo, ndime yoletsa kugwiritsa ntchito njala ya anthu wamba ngati chida cha nkhondo. Tangoganizani. Mayi wogwidwa akuchepetsa buledi mu Leningrad akanatha kuomberedwa. Munthu wolamula asilikali amene anachititsa kuti buledi afike pa magalamu 125 anapezeka kuti, pa mfundo imeneyo, sanaswe lamulo lililonse. Ndipo ife, ana a sukulu okhala kutali, patapita zaka zonsezi, tinali titathera phunziro lathunthu tikuzenga mlandu mayiyo.

Nawonso olamulira a mumzindamo sanali oyera m'manja. Anthu sanasamutsidwe okwanira misewu isanatsekedwe, chakudya chosungidwa chinali chochepa kwa mzinda waukulu choncho, ndipo ku nyumba ya Smolny, kumene Andrei Zhdanov, mkulu wa chipani cholamula mumzindawo, ndi akuluakulu anzake ankagwirira ntchito, kunkadyedwa zosiyana ndi za pamzere. Nkhondo itatha, boma la Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, silinafune kuti kuvutika kwa Leningrad kuzikambidwa kwambiri. Nyumba yosungira zinthu zokumbukira kuzingidwako inatsekedwa mu 1949, atsogoleri ambiri a mzindawu akumangidwa. M'bukumo zimenezi zimangooneka mwa apo ndi apo, monga pamene mwamuna wina wa nkhope yonona akulowa m'sitolo mosaima pamzere, anthu n'kumupatukira mwakachetechete. Ndikanapanda kuuzidwa mbiriyo, mwamunayo ndikanangomudutsa.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu onena kuti kuwerengera mayeso kumapha buku. Kumatha kulipha, inde, ngati zonse zathera pa notsi zoloweza. Koma ndi mayeso omwewo amene anandikakamiza kubwereza bukuli ndi pensulo m'manja, kusaka umboni, ndipo pobwerezapo ndinaona chinthu chimene chinandidutsa poyamba. Mayi uja sankabera aliyense. Khadi la mwana likafika pa kauntala, chala chake chinkakhala kutali ndi sikelo. Ankachepetsera okalamba, makamaka amene nkhope zawo zinali zitasintha kale, mphuno itasongoka, maso atalowa mkati, amene iye ankawaona kuti sabata yamawa safika. Mlembi sananene zimenezi paliponse. Anangolemba khadi ndi khadi, munthu ndi munthu, n'kusiya kuti wowerenga awonkhetse yekha. Nditawonkhetsa, mtima unandigunda. Kodi zimenezi zikumuchepetsera mlandu, poti ana anawasiya? Kapena zikuwonjezera, poti tsiku lililonse ankayang'ana anthu n'kumagamula amene watha kale? Ndinapita nazo kwa mnzanga wa pa desiki uja. Iye anati zikuwonjezera, chifukwa wakuba wamba amangoba, koma uyu anadziika pa malo a Mulungu. Ine ndinati pa malopo anachita kuikidwapo, ndi anthu amene anamupatsa mpeni, sikelo ndi buledi wosakwanira mzinda. Tinakangana mpaka belu.

Mnzangayo anali ndi umboni wina wamphamvu, wosachokera m'buku koma m'mbiri yeniyeni. Mu Leningrad munali malo ofufuzira za mbewu kumene kunkasungidwa mitundu yambirimbiri ya mpunga, tirigu, nyemba ndi mbatata yosonkhanitsidwa kuchokera m'mayiko osiyanasiyana ndi katswiri wa zomera Nikolai Vavilov. M'nyengo yozizira ija, ena mwa akatswiri olondera mbewuzo anafa ndi njala atazunguliridwa ndi zinthu zodyedwa, osakhudzako, poti ankazisungira alimi a mtsogolo. Vavilov mwini wake anafera m'ndende ya boma lake lomwe ku Saratov mu 1943, thupi litatha ndi njala. Ndiye mnzanga ankati: waona, njala sikakamiza munthu kuba, alipo anakana. Ndi zoona, ndipo anthu amenewo ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Koma mzinda wa anthu mamiliyoni awiri ndi theka sungakhale wa anthu otere okhaokha. Ambiri anali ngati mayi wa sikelo, abwino mmawa, ochititsa mantha madzulo, ndipo buku likadasankha kukamba za ngwazi zokha bwenzi nditalitseka ndili wokhutira, ndikudziyesa kuti inenso ndikanakhala ngwazi. Akuluakulu amati ali dere n'kulinga utayenda naye. Bukuli linandiyendetsa ndi mayiyu miyezi isanu ya moyo wake, ndipo pamapeto pake sindinathenso kulumbira za zimene chala changa chikanachita.

Chigawo chimene chinandiliza si cha imfa ayi, ndi cha pa 25 Disembala. Nyanja ya Ladoga itauma kumapeto kwa Novembala, malole anayamba kuyenda pamwamba pa madzi oundana kubweretsa ufa, madalaivala ena akuyendetsa chitseko chili chotsegula kuti adumphe lole ikayamba kumira. Anthu anautcha msewu wa moyo. Pa 25 Disembala mlingo unakwezedwa kufika magalamu 350 kwa ogwira ntchito za manja ndi 200 kwa enawo. M'bukumo mayi uja ndi amene akuuza munthu woyamba pamzere, ndipo uthengawo ukuyenda kubwerera m'mbuyo, pakamwa ndi pakamwa, mpaka kunja mumdima, anthu osadziwana akukumbatirana. Ndinaganiza kuti basi, zoipa zatha. Koma matupi anali atawonongeka kale. Januwale ndi Febuluwale wa 1942 ndiyo inali miyezi ya imfa zochuluka, pafupifupi anthu 100,000 mwezi umodzi. Maliro ankakokedwa m'misewu pa tingolo totsetsereka timene kale ana ankaseweretsa. M'nyengo imeneyo apongozi a mayiyu anamwalira, ndipo iye anawagoneka m'chipinda chosasonkhamo moto, osakanena kuboma, kuti azilandirabe buledi pa khadi lawo mpaka litatha. Mabanja ambiri anachitadi zimenezi. Chimene buku linawonjezera ndi chakuti madzulo aliwonse ankalowa m'chipindamo kukawauza apongoziwo mmene mwana wagonera.

Mathero ake anakhumudwitsa pafupifupi kalasi yonse. Ndi mwezi wa Epulo 1942, anthu otsala atuluka kukachotsa zinyalala ndi mitembo m'misewu kuopa miliri, sitima za magetsi zoyenda mumsewu zayambiranso pa 15 Epulo, mwana ali moyo, ndipo mayi akupitabe ku ntchito. Sanagwidwe, sanaulule, palibe anamukhululukira chifukwa palibe anamuimba mlandu. Mzinda udakali wozingidwa, ndipo wowerenga wodziwa mbiri akudziwa kuti kwatsala pafupifupi zaka ziwiri. Anzanga ankati mlembi anatopa n'kungosiya. Ine ndikuona kuti akanamulanga kapena kumuyeretsa, akanatinamiza. Ku Nuremberg boma la Soviet Union linapereka chiwerengero cha anthu 632,000 ofa ndi njala. Akatswiri a mbiri a masiku ano amati onse ofa anali 800,000 kapena kupitirira miliyoni. Ku manda a Piskaryovskoye okha kunaikidwa anthu pafupifupi theka la miliyoni, ambiri m'maenje a anthu ambirimbiri olembedwa chaka chokha. Opulumuka anapitiriza kukhala m'nyumba zomwezo, kukumana pa masitepe omwewo, aliyense akudziwa zimene anachita kuti aone mwezi wa Epulo, ndipo ambiri sanazikambe mpaka kufa.

Pa mayeso funso linabwera monga mmene Madamu ananenera: fotokozani makhalidwe anayi a mtengambali wamkulu, ndi umboni. Ndinalemba anayi, ndime iliyonse khalidwe lake, ndipo ndinakhoza. Yankho limenelo linali loona, kungoti linali laling'ono poyerekeza ndi zimene ndinali nazo mumtima, ndipo pepala la mayeso lilibe malo olembapo kuti chikondi ndi kuba kwa mayiyu chinali chinthu chimodzi, chochitika ndi chala chimodzi. Sindikupempha kuti mayeso athetsedwe. Chimene ndingapemphe kwa aphunzitsi amene amapatsa ana mabuku otere ndi chimene athu anachita mosakonzekera tsiku lija: kuika choko pansi mwana akafunsa funso losakhala pa silabasi, n'kubwera nalo mawa atalifufuza. Buku la nkhondo likaphunzitsidwa popanda mbiri yake, mlandu wonse umagwera munthu wamng'ono amene mlembi wamuika patsogolo, chifukwa ndi yekhayo amene ana akumuona. Ana ayenera kuuzidwanso za amene anagamula ali m'maofesi otentha, mbali zonse ziwiri, ndiponso kuti lamulo la 1977 lija silinathetse mchitidwewu: mzinda wa Sarajevo ku Bosnia unazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996, nthawi yaitali kuposa Leningrad, makamera a dziko lonse akujambula.

Mnzanga wa pa desiki uja sanasinthe maganizo. Tikakumana n'kuyamba za kusukulu, nkhaniyi siichedwa kutulukira, ndipo iye amaimabe ndi nkhalamba ya magalasi ija. Amati m'kalasi monse, ndiponso m'buku monse, munalibe woilankhulira, choncho adzailankhulira ndi iyeyo. Pa mfundo imeneyo ndilibe chomuyankha.